Makope a amayi a pa bawo

Amayi amene ankatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa msika anatisiya m'nyengo yotentha, masiku aja kuno kuchigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mbuzi zimaswera pakhonde la golosale. Dzina lawo sitilitchula pano. Anamfedwa akadali m'chisoni, komanso aliyense amene amakhalako pathabwa la bawo pakati pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula wadziwa kale amene tikunena.

Bawo ambiri amaiyesa masewera a abambo, ndipo mayi akakhala pathabwa pamayamba kaye manong'onong'o. Iwo manong'onong'owo anawathetsa kalekale ndi manja awo. Ankabwera ndi dengu la makakana ndi milamba youma ya ku dambo la Elephant Marsh, n'kuliika pambali pa mwendo. Wogula akafika ankamuwerengera nsomba ndi dzanja lamanzere, maso ali pathabwa. Sankathamanga. Mnzawo akamaponya njere mwaliwiro kuti asokoneze oonerera, iwo ankangoti, "Tabwerezani achimwene, pali dzenje mwalidumpha," ndipo akabwereza ankapezadi kuti walidumpha.

Komabe chimene chinkakokera anthu pamtengo paja anali mafunso awo. Masewera akatha ankayala njere pathabwa mwa njira yawoyawo n'kunena kuti, "Mbali iyi ndi yanu. Malizani kamodzi kokha." Yankho sankapereka msanga. Munthu ankawoloka nalo funsolo kupita kwawo kutsidya, kugona nalo sabata yathunthu, n'kudzabwera tsiku la msika lotsatira atalipeza kapena litamukanika. Analinso ndi mafunso a pakamwa, a zigubu ndi a bwato, ndi zilapi zosawerengeka za ana amene ankawazungulira dzuwa likapendeka.

Maliro anayenda monga mwa mwambo: siwa, nyimbo za amayi a kumpingo usiku wonse, adzukulu kumanda m'mamawa, chipepeso kulembedwa m'kope. Zonsezi mudzi uliwonse umadziwa kuchita. Koma pali ntchito imodzi imene achibale sangaigwire ngakhale atafunitsitsa, chifukwa ambiri mwa iwo sasiyanitsa kudya njere za mnzako ndi kutakata, kuja koponya njere osadya. Ntchito yake ndi kutolera mafunso a malemu ndi kuwalemba mwa njira yoti munthu amene sanawaonepo amayiwo adzathe kuwayala pathabwa n'kutuluka nawo thukuta. Imeneyi ndi ya anzawo a pa bawo, ndipo siyenera kuchedwa. Miyezi ikapita aliyense amakumbukira funso mwa njira yake, njere imodzi imasamukira dzenje lina, nambala imasintha, funso n'kukhala lopanda yankho. Zimene zili m'munsimu ndi za gulu lililonse limene lataya munthu wotere.

Thabwa, kathumba ka njere ndi makope ndi katundu wa malemu, ndipo katundu wa malemu ali ndi eni ake. Gulu lisatenge kanthu pa tsiku la maliro, ngakhale mwana wa m'nyumbamo atanena yekha kuti tengani. Dikirani akuluakulu a banja akhale kaye pansi. Kenaka tumani anthu awiri, mmodzi akhale wachikulire amene banjalo likumudziwa, akapemphe kubwereka makope okha ndipo atchule tsiku lodzabweza. Za thabwa musayambitse n'komwe. Banja likafuna kulipereka lidzanena lokha. Pamene zimasokonekera ndi apa: uyu watenga kope limodzi "kuti asunge", uyo watenga lina, pakutha pa mwezi palibe akudziwa kuti makope analipo angati. Awerengeni pamaso pa achibale, lembani nambala pachikuto chilichonse ndi pensulo, ndipo masamba a kope lililonse awerengedwenso musanachoke pakhomopo.

Makope a kuno kuchigwa sakhala athunthu. Madzi osefukira a mu January 2015, a namondwe Ana mu January 2022 ndi a Freddy mu March 2023 analowa m'nyumba zambiri za ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo pepala limene madzi analisiya linakumana ndi chiswe. Makope a malemu nawo ali ndi mzere wa matope chapansi, masamba ena anamatana. Omatanawo musawakoke ndi zala. Lowetsani mpeni wobuntha kuyambira kungodya, pang'onopang'ono, ndipo likakana lisiyeni, chifukwa tsamba lomatana likhoza kudzatseguka tsiku lina koma long'ambika lapita. Kope likanyowa muli nalo, liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa la kuno limapinda pepala n'kuliumitsa mpaka kuthetheka, pamene kulisiya chotseka kumaitana chuku pakangotha masiku awiri. Masamba amene anapulumuka bwino ndi a pensulo. Inki ya zolembera zamadzimadzi inasungunuka n'kusanduka mtambo wa buluu. Choncho kope latsopano lilembedwe ndi pensulo yakuda bwino, yosongoka.

Malemu ankajambula thabwa lonse: mizere 4, maenje 8 pamzere uliwonse, timadontho m'dzenje lililonse. Kujambula kotere kumakoma m'maso koma n'koopsa pokopera. Kadontho ka pensulo ndi chitosi cha mphemvu sizisiyana kwenikweni pakope lakale, ndipo dzenje la madontho 11 anthu awiri saliwerenga mofanana. Pokopera lembani manambala.

Njira yake ndi iyi. Mzere wakutsogolo, woyang'anana ndi mnzanu, utchedwe K. Wam'mbuyo utchedwe M. Maenje awerengedwe 1 mpaka 8 kuyambira kudzanja lamanzere la mwini mbaliyo, ndipo M1 akhale kumbuyo kwa K1. Ambiri amagwera pa mawu akuti mwini mbaliyo. Osewera akhala moyang'anana, ndiye kumanzere kwa uyu ndi kumanja kwa uyo. K1 wanu akuyang'anana ndi K8 wa mnzanu, K3 ndi K6, K5 ndi K4. Manambala a maenje awiri oyang'anana mukawaphatikiza amakwana 9 nthawi zonse, ndipo chimenechi chilembedwe pamwamba pa tsamba loyamba. Wokopera akaiwala n'kulemba mizere yonse inayi kuchokera pamene wakhala iye, wodzayala amatembenuza mbali imodzi osadziwa.

Mukatha kulemba, phatikizani. Pa bawo njere sizichoka m'masewera, chifukwa zimene mwadya mumaziponyanso kumbali yanu. Zonse pamodzi ziyenera kukwana 64. Ngati ndi bawo yokhoma, ija yoyamba ndi njere zina zili m'manja, za m'manjazo ziwerengedwe ndipo zilembedwe pazokha, za uyu ndi za uyo. Mukapeza 63 kapena 65 ndiye kuti penapake palakwika. Koma 64 yokha isakunyengeni, pakuti maenje awiri osinthanitsidwa amakwanabe 64. Ntchitoyi imafuna anthu atatu: wina awerenge mokweza kuchokera m'kope latsopano, wina ayale pathabwa, wachitatu afanizire thabwalo ndi chojambula cha malemu. Wowerengayo asaone kope lakale, chifukwa maso amakonda kuwongola okha zimene dzanja linalakwitsa.

Pansi pa manambala palembedwe zinthu zina zimene malemu sankalemba chifukwa ankazinena ndi pakamwa: wosewera ndani, ndi bawo yanji, nyumba (dzenje lapadera la mzere wakutsogolo) idakalipo kapena inaphwasulidwa kale, ndipo chofunika n'chiyani, kumaliza masewera kapena kungodya njere zochuluka. Malamulo a bawo amasiyanako pang'ono malo ndi malo, makamaka pa nkhani ya nyumba ndi ya dzenje la njere zambiri. Malamulo amene malemu ankatsata alembedwe onse patsamba loyamba, ngakhale aoneke odziwikiratu. Funso labwino ku Ngabu likhoza kukhala lopanda yankho kwa munthu wa ku Mangochi ngati lamulo limodzi lasiyana.

Nali funso la mtundu umene ankakonda kuyambira nawo kwa munthu wachilendo. Ndi la bawo ya ana, ija yoyamba ndi njere ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, imene nyumba ilibe ntchito. Malamulo ake ndi odziwika. Mumatapa dzenje la njere ziwiri kapena kuposa, n'kumaponya imodziimodzi kumbali imene mwasankha. Yomaliza ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, mwagona, asewere mnzanu; ikagwera mokhala njere koma podyera palibe, mumatapa zonsezo n'kupitirira. Ikagwera m'dzenje lakutsogolo lokhala ndi njere, ndipo loyang'anana nalo la mnzanu lilinso ndi njere, mwadya. Zimene mwadyazo mumayamba kuziponya kuchokera kumutu wa mzere wakutsogolo. Mukadya pa maenje awiri a kumapeto kulikonse, mumayambira mutu wa komweko. Mukadya pa maenje anayi apakati, mumasunga kumene mumalowera: ngati mumapita kumanja muyambire K1, ngati mumapita kumanzere muyambire K8. Amene mzere wake wakutsogolo watha, wagonja.

Mnzanu, M1 mpaka M8: 5, 4, 6, 2, 3, 7, 4, 3
Mnzanu, K1 mpaka K8: 0, 0, 0, 3, 0, 7, 0, 0
Inu, K1 mpaka K8: 1, 3, 0, 0, 1, 0, 2, 0
Inu, M1 mpaka M8: 2, 0, 4, 1, 0, 3, 2, 1

Wosewera ndinu. Malizani kamodzi kokha.

Muli ndi njere 20, mnzanu ali ndi 44, ndipo oonerera ayamba kale kukusekani. Koma mnzanuyo chuma chake chili kumbuyo; kutsogolo ali ndi maenje awiri okha. Amene muli ndi thabwa pafupi, yalani kaye musanapitirire kuwerenga. Malemu akanatikalipira poona yankho litalembedwa pansi pa funso pomwepo, koma pano tikulifuna kuti tione chimene chimapha funso.

Podyera poonekera ndi pamodzi, K5 wanu, amene ali ndi njere 1 ndipo akuyang'anana ndi 3 za mnzanu. Njere 7 zija zikuyang'anana ndi K3 wanu amene alibe kanthu, ndiye maso amazitaya. Njira zofikira pa K5 zilipo ziwiri. Ambiri amatapa 2 za mu K7 n'kulowera kumanzere, chifukwa ndi zapafupi: K6, K5, adya 3. Popeza amalowera kumanzere ayambire K8: K8, K7, K6. Mu K6 muli kale njere koma kutsidya kwake kulibe kanthu, ndiye atape 2 zimenezo n'kupitirira: K5, K4. K4 ndi wopanda kanthu, agona. Adya 3 zokha, 7 zija zili phee, masewera akupitirira.

Njira inayo ndi kutapa 3 za mu K2 n'kulowera kumanja: K3, K4, K5. Mwadya 3 zomwezija. Koma tsopano mukulowera kumanja, ndiye muyambire K1: K1, K2, K3. Mu K3 muja munalibe kanthu mwaponyamo nokha njere podutsa, ndiye yomalizayi yapeza inzake. Kutsidya kuli 7. Mwadya, mzere wakutsogolo wa mnzanu watha, masewera atha. Phunziro lonse la amayi aja pa bawo linali limeneli, kuti uziwerenga thabwa monga lidzakhalire dzanja lako likadutsa, ndipo ankaliphunzitsa popanda kulinena.

Tsopano taonani zimene wokopera wosasamala angachite. Alembe 4 m'malo mwa 3 mu K4 wa mnzanu, achotse imodzi kumbuyo kuti zikwanebe 64. Mukadya 4 kuyambira K1 mumakathera pa K4, mwalumpha K3, n'kukagona pa K6. Njira ya kumanzere nayo imazungulira thabwa lonse n'kudzagona pa K5 osadya 7 zija. Funso lafa, ndipo amene adzalipeze adzataya masiku n'kumati malemu ankanama. Kapena atembenuze mzere wakutsogolo wa mnzanu: 3 zija zikayang'anana ndi K4, 7 zikayang'anana ndi K6, maenje onse awiri opanda kanthu, ndipo palibe podyera ndi pamodzi pomwe. N'chifukwa chake funso lililonse liyesedwe pathabwa mpaka yankho lituluke lisanalowe m'kope latsopano. Yankholo lilembedwe kumapeto kwa kope, ndi nambala yofanana ndi ya funso, osati patsamba lomwelo.

Mafunso a pakamwa ndi ovuta kutolera kuposa a pathabwa, chifukwa ambiri sanalembedwe paliponse. Ali m'mitu ya anthu, ndipo mitu imasiyana. Funsani anthu mmodzimmodzi, aliyense payekha. Mukawasonkhanitsa pamodzi, wa mawu aakulu ndiye amapambana, ena n'kumangovomera.

Tengani la mkaka. Mayi ali ndi chigubu chodzaza mkaka malita 8, ndi zigubu ziwiri zopanda kanthu, cha malita 5 ndi cha malita 3. Akufuna kugawana ndi mnzake 4 ndi 4. Zigubuzo zilibe mizere yoyezera, ndipo mawu amenewa asasiyidwe, apo ayi wina adzangoti thirani mpaka pakati. Pothira mumaleka pokhapokha chimene mukuthiracho chatha kapena cholandiracho chadzaza. Polemba yankho, manambala atatu aimire zigubu zitatu, chachikulu poyamba: 8-0-0, 3-5-0, 3-2-3, 6-2-0, 6-0-2, 1-5-2, 1-4-3, 4-4-0. Mwathira ka 7. Mukayamba ndi kudzaza cha malita 3 mumafikabe, koma ka 8, ndipo malemu ankangoti, "Mwafika, koma mwazungulira." Pamzere uliwonse manambala atatuwo akwane 8, monga muja 64 pa bawo.

Funso lomweli ena amalikumbukira ndi zigubu za malita 10, 7 ndi 3, kugawa 5 ndi 5. Limenelo ndi lamoyo, limatheka pothira ka 9. Ena amaumirira kuti anamva 10, 6 ndi 4. Limenelo silingatheke ngakhale mutathira mpaka mkaka kusasa. Manambala onse atatu amagawika pawiri, ndiye chilichonse chimene mungathire kapena kutsala nacho chidzakhala 2, 4, 6, 8 kapena 10, ndipo 5 sadzatuluka. Wonena zimenezi musakangane naye pagulu. Mupatseni makapu ndi njere 10 ayese yekha. N'kuthekanso kuti malemu analiperekadi dala kwa munthu wodzitama kuti aswere nalo, pakuti nthabwala zotere anali nazo. Ngati anthu awiri kapena atatu osapangana akunena chimodzimodzi, lilembeni, koma pambali pake palembedwe kuti lilibe yankho ndi chifukwa chake.

La bwato ankalikonda chifukwa kuno kuwoloka si nkhani ya m'buku. Chigumukire njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, anthu a ku Makhanga ndi madera a kutsidya la kum'mawa akhala akudalira mabwato powolokera potchedwa Mtayamoyo, ndipo mwana aliyense wa kumeneko amadziwa kuti bwato uli ndi malire a katundu. Munthu ali ndi galu, nkhuku ndi dengu la mapira. Bwato ukunyamula iye ndi chinthu chimodzi chokha. Galu asatsale ndi nkhuku, nkhuku isatsale ndi mapira. Awolotse nkhuku, abwerere. Awolotse galu, abwerere ndi nkhuku. Aisiye, awolotse mapira, abwerere. Atenge nkhuku. Maulendo 7. Pamene anthu amakanikira ndi paja pobwerera ndi nkhuku, chifukwa mtima sulola kubweza chinthu chimene wawolotsa kale. Polemba, mawu akuti chimodzi chokha ndiwo msana wa funsoli. Bwato ukanyamula ziwiri, mumangotenga galu ndi mapira, kubwerera, kutenga nkhuku, maulendo 3, ndipo palibenso chovuta. Ana ena amafunsa chifukwa chake galu sangosambira. Malemu ankawayankha kuti mu Shire muli ng'ona, nkhani n'kuthera pomwepo. Yankho limenelo lilembedwenso, ndi mbali ya funsolo monga iwo ankalinenera.

Zilapi zili ndi vuto lina. "Ndagi!" "Gize!" aliyense amadziwa, ndipo zambiri ndi za tonse: nyumba ya amayi yopanda khomo (dzira), mtengo wagwa kutali nthambi zafika kuno (uthenga wa maliro). Zoterezi sizingasowe. Zimene zingasowe ndi zimene ankapeka okha, za nyika za m'dambo, za thonje, za mathirakitala a nzimbe, ndi kanenedwe kawo. Amayi aja ankasakaniza Chimang'anja ndi Chisena monga amachitira ambiri kuno, ndipo wolemba amene anapita patali ndi sukulu amafuna kuwongola zonse zikhale Chichewa cha m'kalasi. Asatero. Chilapi chimakoma ndi kamvekedwe, ndipo nthawi zina yankho limabisala m'mawu enieniwo. Lembani monga anamvera wonenayo, ndipo ngati pakufunika kumasulira, kumasulirako kukhale pansi pake. Chilapi chikakhala ndi mayankho awiri, onse alembedwe, n'kusonyeza limene malemu ankavomera. Ofunsidwa bwino pa zilapi ndi ana a zaka 10 mpaka 14, osati akuluakulu. Ana amasunga mawu monga anawamvera, pamene wamkulu amasunga tanthauzo n'kuikapo mawu ake.

Ena ali ndi mawu a malemu m'mafoni, amene anajambula pamtengo paja. Akopereni msanga ku memori khadi ina, chifukwa foni kuno imagwera m'madzi, imabedwa, imagulitsidwa nthawi ya njala. Koma musawaike pa sipika pagulu musanafunse banja. Mawu a munthu amene wangoikidwa kumene si onse angapirire kuwamva.

Kope latsopano likatha, likopedwe katatu. Limodzi lipite ku banja pamodzi ndi makope akale, pa tsiku lija munalonjeza. Lina likhale ndi gulu, m'pepala la pulasitiki, m'ndowa ya chivundikiro chothina, yopachikidwa kudenga osati pansi pa bedi. Lachitatu likwere mtunda, kwa wachibale kapena mnzanu wa ku Thyolo kapena ku Blantyre, kumene madzi osefukira a kuno kuchigwa safika. Tsamba lililonse lijambulidwenso pa foni masana pamthunzi, foni ili chogona molunjika pamwamba pa tsamba, ndipo wojambulayo akulitse chithunzi aone ngati 1 ndi 7 zikusiyana.

Tsiku lowakumbukira lisapikisane ndi mwambo wa banja. Ngati banja likukonza chiliza, gulu lipemphe tsiku lina kapena madzulo ake, ndipo mfumu ya deralo idziwitsidwe. Miyezi yabwino ndi June ndi July, kukuzizirako, misewu youma, a kutsidya akuwoloka bwino. Osewera 16 ogwetsana amafuna masewera 15: 8 poyamba, kenaka 4, 2, ndi omaliza. Ndi matabwa 4, ndime yoyamba iseweredwe kawiri, ndiye zonse pamodzi ndi zigawo 5, zokwanira tsiku limodzi mukayamba m'mawa. Njere ziwerengedwe masewera aliwonse asanayambe, 32 mbali iliyonse. Zikaperewera mukhoza kuonjezera za malambe, koma pathabwa limodzi zikhale za msinkhu umodzi, chifukwa yaing'ono imabisala pansi pa zazikulu ndipo mkangano umayambira pomwepo. Matabwa a mlombwa kapena mbawa apakidwe mafuta pang'ono dzulo lake ndipo asasiyidwe padzuwa, amang'aluka. Ndalama zisaikidwe pathabwa tsiku limenelo. Zikangolowa, chikumbutso chasanduka juga ndipo anamfedwa achoka. Thabwa limodzi lipatulidwe likhale la mafunso okhaokha, ndi munthu mmodzi woyala kuchokera m'kope. Lina likhale la atsikana, ndipo pakhale mayi wamkulu wolilondera, apo ayi anyamata alilanda dzuwa lisanafike pamutu.

Patsala masamba amene sanapulumuke bwino, pamene chiswe chinadya dzenje limodzi kapena matope anaphimba ngodya. Ngati dzenje lowonongeka ndi limodzi ndipo ena onse akuwerengeka, palibe vuto: phatikizani 31 otsalawo, chotsani pa 64, yotsalayo ndi ya dzenjelo. Ngati maenje onse akuoneka koma zikukwana 63, njere imodzi inafufutika penapake. Iikeni m'dzenje lililonse mosinthasintha, ka 32, ndipo nthawi iliyonse yesani ngati funso likutuluka. Kawirikawiri mudzapeza kuti njereyo ikakhala kumbuyo kwa mnzanu yankho silisintha, ndiye funso ndi lamoyo ngakhale malo ake enieni sakudziwika. Lembani choncho. Malo awiri akapereka mayankho awiri osiyana, onse alembedwe, osasankha limene lakukomerani. Zikakwana 62, njira zoikira njere ziwirizo ndi 528, ndipo zambiri zidzaoneka ngati zotheka. Tsamba lotero likopedwe monga liliri, maenje okayikitsa azunguliridwe ndi pensulo, ndipo liikidwe m'chigawo chakechake kumapeto kwa kope, mayankho asanayambe.